Raundi Yachitatu ya Mkamwini Wanga

Musandiombere m'manja, abale. Khalani kaye pansi. Mukamva zimene ndabwera nazo, manja amenewo mwina muwafuna pa ntchito ina.

Ine ndine Yotamu Mwale. Ambiri mumandidziwa, kungoti munandidziwa nditagona. Munkandilumpha m'ngalande kuseri kwa msika wa Kapata popita kukagula tomato. Inu a Lungu kutsogoloku musayang'ane kudenga ngati ndine mlendo, tinkalandizana kapu imodzi ya kachasu. Tonse muno mowa unatipinda, n'chifukwa chake timasonkhana m'tchalitchi muno Loweruka masana pamene anzathu ali ku mpira. Ndakhala ndikumva maumboni anu. Wina anayamba kumwa ntchito itatha, wina mkazi atamwalira, wina akuti anamulodza. Nonse munachitiridwa kanthu. Ine palibe anandichita kanthu, ndinachita ndine. Ndipo chimene ndinachitacho sindinachinenepo pagulu. Lero ndi poyamba.

Ndisanakhale chidakwa ndinali munthu wa tayi. Ndinabadwira ku Tamanda, bambo anga mphunzitsi, agogo anga mlaliki. M'kati mwa sabata ndinali kalaliki pa ofesi, pa Sabata mkulu wa mpingo, ndipo Loweruka ndinkavala malaya oyera ndi thalauzi loyera kukaimbira nkhonya. Ndinali refa, ndipo m'Chipata muno kunalibe refa wondiposa. Sindikudzitama, ndikufuna mudziwe kuti zimene zinachitika sizinachitike chifukwa cha umbuli.

Ena a inu mumaganiza kuti refa ndiye amasankha wopambana. Ayi. Kunja kwa zingwe kumakhala majaji atatu ndi mapepala awo, iwo ndiwo amalemba nkhonya zimene zafika bwino. Refa salemba kanthu. Koma refa akamuloza munthu kuti waphwanya lamulo, n'kutembenukira majaji chala chili m'mwamba, onse atatu amamuchotsera pointi, afune asafune. Ndipo munthu akamenyedwa kwambiri, kaya wagwa kaya ali chiimire, refa amaimitsa n'kuwerenga mpaka eyiti. Akawerengeredwa katatu m'raundi imodzi, ndewu yathera pomwepo. Ukafika pa eyiti umamuyang'ana munthuyo m'maso. Ntchito yonse ya refa ili pamenepo. Ukamufunsa wankhonya ngati apitiriza amavomera ndithu, ngakhale sakudziwa dzina la mayi wake. Pakamwa pamanama, koma maso a munthu amene mutu wasokonekera amaoneka ngati a mbuzi yomangidwa pa njinga. Ine ndinkaphunzitsa anzanga zimenezi.

Ndinali ndi mwana mmodzi yekha, Esnati. Ndinamuika ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndinkauza aliyense wondipatsa moni. Chaka chachiwiri anabwera kunyumba ali ndi pakati. Mwini wake anali Fabiano Tembo, mlimi wa thonje ndi mtedza wa ku Chipangali, Mkatolika, wa giredi seveni. Ankabwera m'tauni pa njinga kudzagulitsa mtedza, ndipo ankamenya nkhonya m'kagulu kamene katekisiti wa kwawo ankaphunzitsa pansi pa mtengo ndi thumba la mchenga. Esnati anamuona koyamba pa masewera amene ine mwini ndinamutengera kuti akaone bambo ake atavala zoyera.

Ukwati unachitika, ine sindinapiteko. Ndinatuma mlamu wanga. Mdzukulu wa mlaliki kukagwadira zifaniziro chifukwa cha munthu wonunkha mankhwala a thonje? Ndinalumbira kuti sindidzamupatsa moni, ndipo ndinasunga lumbirolo kuposa malumbiro onse amene ndinachita pamaso pa Mulungu.

Iye sanaleke kubwera. Mwezi uliwonse njinga inkaima pa geti, iye n'kutsitsa mtedza kapena nkhuku, n'kugwada pakhonde, chipewa m'manja, maso pansi. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Amati, “Tabwera kudzakuonani, bambo.” Ine ndinkatembenuza tsamba la nyuzipepala n'kuuza mkazi wanga mokweza kuti, “Uzani munthuyo achotse njinga yake pa maluwa.” Nkhuku zake ndinkadya. Mnofu wake unali wabwino.

Tsiku limene ndikunenalo linali Loweruka, thonje litangotha kugulitsidwa. Masewera anali mu holo ina kuno ku Kapata, masana dzuwa likuswa malata. Ring'i yathu inali ya matabwa, pamwamba titayala tenti ya lole. Marefa tinayenera kukhala awiri, koma mnzanga wa ku Lundazi basi inamufera panjira. Pa pepala ndinaona dzina la Fabiano Tembo, womenyana naye Mabvuto, mnyamata wa mapewa ngati ng'ombe amene ankanyamula matumba a amalonda pa malire a Mwami.

Wapampando wa komiti ya nkhonya anandikokera pambali. “A Mwale, uyu si mkamwini wanu? Anthu adzati mwakondera. Tiidumphe ndewu imeneyi.”

Ndinati, “Ine ndilibe mkamwini.”

Anaseka, poyesa ndikucheza. Anati, “Chabwino, koma anthu akhala akukuyang'anani.” Ndipo ankandiyang'anadi. Holo yonse inkadikira kuona Mwale akukondera mwamuna wa mwana wake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'anira mbali inayo.

Belu linalira. Ndikuuzeni zoona, Fabiano ankadziwa nkhonya. Khasu linamupatsa msana, ndipo dzanja lake lamanzere linkatuluka mowongoka ngati mpini. Raundi yoyamba Mabvuto ankangomenya mphepo. Ndinkaona mapensulo a majaji akuyenda, ndipo ndinkadziwa akuyendera ndani. Pa benchi lachiwiri Esnati anali ataimirira, mwana kumsana, akukuwa dzina la mwamuna wake. Mtima wanga unawira. Ndinaganiza kuti belu lomaliza likalira, ine Yotamu Mwale ndigwira dzanja la munthu ameneyu n'kulikweza m'mwamba pamaso pa Chipata yense.

Pamenepo ndinaona kanthu. Nthawi iliyonse ndikawalekanitsa n'kulankhula naye, Fabiano ankaweramitsa mutu. Sanali kuchita dala, thupi lake linkangochita zimene analeredwa nazo. Ndikati “Bokosi!” kuti ayambirenso, mutu unkachedwa pang'ono kudzuka. Tsono pali lamulo loti wankhonya asamenye mutu uli pansi, chifukwa angamugunde nawo mnzake. Lamulolo ndi labwino, ndipo silinalembedwere munthu wolemekeza apongozi ake. Ine ndinadziwa zimenezo. Ndinamuchenjeza kamodzi, iye n'kuweramanso kwambiri popepesa. Ndinamuchenjezanso. Kachitatu ndinaimitsa ndewu, ndinamuloza, n'kutembenukira majaji mmodzimmodzi chala m'mwamba. Pointi inapita.

Holo inaphulika. “Refa wachilungamo! Sakondera ngakhale wake!” Wina anakuwa kuti, “Mkamwini ndi mlamba, mugwireni zolimba a Mwale!” Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinakoma m'kati ngati ndamwa tiyi wa mkaka.

Raundi yachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi. Ndinkachita kufunafuna chifukwa cholankhulira naye, kuti aweramitse mutu, kuti ndimulange. Pointi yachiwiri inapita. Ndikanamuchotsera yachitatu, lamulo likanamutulutsa mu ring'i, akanapita kwawo wamanyazi koma wamoyo ndi wathunthu. Ndinaganizira zimenezo ndili chiimire pakati pawo, ndipo ndinasankha kusamuchotsera. Sindinafune kuti atuluke msanga.

Popuma, katekisiti wake ankamupukuta ndi thaulo akumuuza zimene aliyense ankadziwa, kuti pa mapepala watsalira kutali, ndipo akafuna kupambana amugwetse Mabvuto. Munthu wofuna kugwetsa mnzake amasiya kudziteteza. Raundi yachitatu Fabiano anatuluka m'kona manja ali otsegula ngati akukalandira mlendo.

Nkhonya yoyamba inamupeza pachibwano, maondo anagwedezeka. Ndinawerenga eyiti ali chiimire. Kamodzi. Pasanapite nthawi yamanja ya Mabvuto inamupeza pamwamba pa khutu, anagwa chammbali. Anadzuka pa sikisi akugwira chingwe. Ndinafika pa eyiti. Kawiri.

Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa pano m'pamene ndimakhala tsiku lililonse.

Ndinaima patsogolo pake. Ntchito yanga inali kuona maso ake, koma maso ake anali pa nsapato zanga. Akanakhala mnyamata wina aliyense ndikanamugwira chibwano n'kudzutsa nkhope. Sindinamugwire. Ndipo sindinafunikire n'komwe kuona maso, chifukwa mwendo wake wamanzere unali kukwekwereza, magolovesi anali lende m'chiuno, ndipo m'khutu munkatuluka kamagazi kopyapyala. Refa wa tsiku limodzi akanaimitsa ndewu imeneyo. Ine ndinayandikira pafupi, ndinatsitsa mawu, ndipo ndinanena chimene ndinali ndisananenepo zaka ziwiri zonse.

“Mupitiriza, apongozi?”

Munthu amene ndinkamutcha “munthuyo,” amene ndinkamusiya chogwada pakhonde mpaka maondo kuchita dzanzi, lero ndamupatsa ulemu wake pakati pa anthu. Akanakana bwanji? Mundiuze inu amene munakwatira, akanakana bwanji? Ndinadziwa kuti sangakane, n'chifukwa chake ndinasankha mawu amenewo.

“Inde, bambo,” anatero.

Ndinati, “Bokosi!”

Mabvuto anamukankhira ku zingwe. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, Fabiano osabweza, mutu ukungopita uku ndi uku. Pamenepo panafunika kuwerenga kwachitatu, ndipo ndewu ikanatha. Ndinangofunika kutsegula pakamwa. Mabvuto mwiniwake, munthu wosapita kusukulu, anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana. “A refa?” Katekisiti anali ndi thaulo m'manja koma sanaliponye, chifukwa Fabiano anali atamulumbiritsa kuti asamuchititse manyazi pamaso pa apongozi ake. Onse ankadikira ine. Ndinamukodola Mabvuto ndi dzanja.

“Bokosi!”

Inali imodzi yokha. Fabiano anagwa chagada, nkhongo inamenya thabwa pamalo pamene tenti inali itang'ambika. Phokoso lake linali ngati dzungu lagwa pa ngolo. Ndinagwada n'kuwerenga mpaka teni bwinobwino, mosathamanga, monga mwa lamulo.

Anagona m'chipatala masabata awiri osatsegula maso. Komiti inandiitana. Anaona mapepala a majaji, zonse zili bwino. Anafunsa ngati ndinawerenga eyiti, inde, kawiri konse. Anafunsa ngati ndinamufunsa mwini wake, ndipo jaji amene anali pafupi anachitira umboni kuti anamva “Inde, bambo.” Wapampando anandigwira phewa, anati, “Ngozi, a Mwale. Mukanaimitsa msanga akanati mwateteza wanu.” Kumpingo anandipempherera ngati munthu wogweredwa tsoka. Sindinalowe m'ndende, sindinalipe kanthu, palibe anandiloza chala. Ndinapita kunyumba wopanda mlandu.

Kachasu ndinayamba Loweruka lotsatira, kapu imodzi ndisanalowe mu ring'i kuti manja asanjenjemere. Ndinayamba kuimitsa ndewu munthu akangotuluka kamfuno, anthu n'kumandigenda ndi zitsononkho. Kapu inakhala botolo. Tsiku lina ndinawerenga mapepala a majaji n'kukweza dzanja la munthu wogonja, ndipo anandivula zoyera zija. Ku ofesi anandipeza nditagona pa mafayilo kawiri, kachitatu sanandidzutse, anangoika kalata pambali. Akulu a mpingo anandichotsa pa mgonero. Mkazi wanga anapirira chaka, kenaka anamanga katundu wake kubwerera ku Tamanda. Nyumba inali ya ntchito, inapita ndi ntchitoyo.

Kumowa ndinapeza ntchito yatsopano, a Lungu akuikumbukira. Chidakwa chikagwa, anthu ankakuwa, “Refa! Refa!” Ine ndinkadzandira kukagwada pambali pake n'kuwerenga mpaka teni, anthu akuwerenga nane, ndikamaliza ankandithirira kapu yaulere. Pamene ndinkagwa ine, ankandiwerengera iwo. Mdzukulu wa mlaliki wa ku Tamanda.

Zaka ziwiri zinatha chomwecho. M'mawa wina wa mwezi wotentha, wina anandiponda phazi ndili m'ngalande muja. Ndinatsegula maso, ndi Esnati. Anali atawonda, khosi lili ngati la nkhuku, manja olimba ngati a mwamuna.

“Dzukani. Akukufunani.”

“Ndani, mwana wanga?”

“Mwamuna wanga. Ine sindikukufunani, musasokoneze.”

Tinakwera lole ya feteleza yopita ku Chipangali. Ulendo wonse ine ndinkaganiza kuti ndikukalandira changa, abale ake andidikirira ndi mipini. Kunena zoona ndinkalakalaka zimenezo. Munthu akakumenya, mwagawana.

Tinamupeza pansi pa mtengo wa mango akusenda mtedza ndi dzanja limodzi. Lamanzere lija, lowongoka ngati mpini lija, linali litapindikira pachifuwa. Mbali imodzi ya nkhope inali itagwa, malovu akutsika. Atandiona anayamba kulimbana ndi thupi lake. Ndinayesa akufuna kundilumphira. Ayi, ankafuna kugwada. Anagwa chammbali, mayi ake a Naphiri, nkhalamba yaifupi ya kolona m'khosi, anathamanga kudzamudzutsa, ndipo Fabiano anagwada ndithu, maso pansi.

Anatuma mayi akewo kuitana anansi. Anthu atasonkhana anayamba kulankhula, mawu akutuluka mokoka ngati wailesi ya mabatire otha.

“Awa... ndi apongozi anga. Refa wamkulu... wa m'Chipata. Tsiku lija... anandiitana kuti apongozi... pa anthu onse. Ena akanandiimitsa... ngati mwana. Iwo anandilola... kumaliza ngati mwamuna.”

Anansi anagwedeza mitu, zinaoneka kuti nkhaniyi aimva kambirimbiri. A Naphiri anandigwira manja onse awiri. “Zikomo pobwera, bambo. Tsiku lililonse amakutchulani. Tinamva kuti chisoni cha ngozi ija chinakudwalitsani. Musadziimbe mlandu, zinali za Mulungu.” Anapita kukagwira nkhuku.

Abale, ndamenyedwapo ndi apolisi, ndalumidwapo ndi galu ndili gone, koma palibe chinandipweteka ngati zikomo ameneyo. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kusanza mpaka ndulu. Nditadzutsa mutu, Esnati anali ataima pamenepo.

Ndinati, “Ndiyenera kumuuza. Sinali ngozi. Ine ndinachita...”

“Ndikudziwa. Ndinali pa benchi lachiwiri. Ndinakulira m'nyumba mwanu, ndikudziwa nkhope imene mumachita mukamalanga munthu.”

“Ndiye ndilole ndimupepese, mtima wanga upume.”

Anaseka, kuseka koipa. “Upume? Mwamutenga dzanja, mwamutenga mwendo, mwamutenga pakamwa. Chatsala ndi chimodzi, choti apongozi ake anamulemekeza tsiku limodzi. Ndicho chimamudzutsa m'mawa. Lomba mukufuna mumulande chimenechonso kuti inu mugone tulo? Katundu wanu mukufuna kutulira pamutu pa wopuwala? Mukatsegula pakamwa ndikuthirani madzi otentha, ndikulumbira. Mudzasenza nokha. Ndipo mudzasenza muli maso, osati mutaledzera, chifukwa kuledzera kwanuko n'kuthawa.”

Ndinafunsa kuti nanga ndichite chiyani. Analowa m'nkhokwe n'kutulutsa khasu la Fabiano, analiponya pamapazi panga.

“Munda wake wagona zaka ziwiri. Mutu ukakula sulewa nkhonya, si mmene munkatiuzira?”

Pamenepo m'pamene ndinatembenukira, kuseri kwa nkhokwe, masanzi ali pa nsapato. Panalibe nyimbo, panalibe kuwala kochokera kumwamba. Panali mwana wanga wondida ndi khasu.

Tsono inu amene mukufuna kudziwa kuti munthu amabwerera bwanji, ndikuuzani mmene zinandiyendera ine, kaya zikuthandizani kaya ayi. Sabata yoyamba yopanda mowa ndinkanjenjemera ngati wa malungo, ndikuona nyerere pakhoma pamene palibe. A Naphiri ankandimwetsa phala ndi supuni. Musayese kudutsa sabata imeneyo muli nokha, ndipo musayese kuidutsira pafupi ndi kumene munkamwera. Ine chinandithandiza n'choti mayi wophika kachasu m'mudzimo anauzidwa ndi Esnati kuti akandigulitsa ngakhale kadontho amuphwanyira mbiya. Pezani munthu wokuumirani mtima chomwecho. Okumverani chisoni ndi amene amakuthirirani.

Kenaka khasu. Manja a kalaliki anatuluka matuza, matuza anaphulika, magazi pa mpini. Ndinkalima kuyambira kum'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo ludzu la mowa likabwera ndinkawonjezera mzere wina. Chaka choyamba thonje langa linali lochititsa manyazi, ana ankaliseka. Chachiwiri tinadzaza ngolo. Ndinaphunzira kumusambitsa Fabiano, kumumeta ndevu, ndi kumugoneka chammbali khunyu ikamugwira, chifukwa kuyambira tsiku la ring'i lija inkamugwetsa kawirikawiri. Pomusambitsa ankachita manyazi, amati, “Apongozi... si ntchito yanu iyi.” Ine ndinkangoti, “Kwezani dzanja.” Ndipo madzulo aliwonse ankafuna ndimufotokozerenso za raundi yoyamba, mmene lamanzere lake linkalowera. Ndinkamufotokozera. Ikafika raundi yachitatu ankaifotokoza yekha, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, ine ndili chete. Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo ndinachimwa wosaledzera zaka zinayi.

Ndinalemberanso a komiti ya nkhonya. Sindinaulule, chifukwa nkhani ikanafika kumudzi. Ndinangowapempha kuti asadzalolenso munthu kuimbira ndewu ya wachibale kapena wa kuchipongozi, ngakhale marefa atasowa, ndewuyo ingodumphidwa. Anthu amaopa kuti refa akondera wake. Saopa kuti angamude. Ndinalembanso kuti wankhonya akakana kukuyang'ana, kaya ndi ulemu kaya n'chiyani, umugwire chibwano, ndipo akapanda kudzutsa maso ndewu ithe. Ndinamva kuti anaiwerenga pa msonkhano n'kunena kuti Mwale mowa unamusiyira nzeru pang'ono.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti ndinalipira. Mizere ya thonje siibweza dzanja la munthu. Mkazi wanga sanabwerere, ndipo sindimuimba mlandu.

Fabiano anamwalira mvula yapitayi. Khunyu inamugwira ali kudimba, anagwera chafufumimba m'ngalande ya madzi osafika n'komwe m'kakolo. Ine ndinali kumunda wa kumtunda, ndinamupeza mochedwa. Anapita akukhulupirira kuti ndinamulemekeza. Pa maliro a Naphiri anaimirira n'kuuza anthu kuti Mulungu anawalanda mwana koma anawapatsa mlongo, kunena ine. Anati ndi apongozi angati a m'tauni amene angasiye zonse kudzalimira mkamwini wopuwala? Anthu anang'ung'udza movomereza. Ndinayang'ana Esnati, iye ankayang'ana bokosi la maliro.

Titamaliza kumeta, Esnati anandiitanira pambali. Anati, “Uja ndinkamuteteza wapita. Lomba mukhoza kulankhula.”

Ndinati ndipita kwa abusa, ndikaulule m'chipinda.

“M'chipinda? Munamupha pa anthu, mukaulule m'chipinda? Mukanene pagulu, mokweza, mmene munkawerengera. Ndipo mayi ake akakhalepo. Zaka zinayi akhala akukuphikirani, kukuchapirani, kukutchulani m'mapemphero awo. Akudalitsa munthu amene sakumudziwa. Ine ndatopa kuwaona akukupatsani chiwindi cha nkhuku.”

Ndinamupempha kuti nkhalambayo tiisiye, ingafe ndi mtima. Anati, “Mwayambanso kusankhira anthu zimene angathe kupirira?”

Ndinazengereza miyezi isanu. Kawiri ndinafika pakhomo la mayi wa kachasu n'kubwerera. Dzulo Esnati anakwera lole ndi a Naphiri. Anawauza kuti a Mwale akukachitira umboni za mmene Mulungu anawachotsera ku mowa, ndipo iwo anavala chitenje chawo chatsopano kuti adzandisangalalire.

A Naphiri, mwakhala kumbuyoko pafupi ndi zenera. Kuyambira pamene ndinatchula za khutu lija mwaphimba kumaso, koma ndikudziwa mukumva. Mwana wanu sanachite ngozi. Sizinali za Mulungu, musamunamizirenso Mulungu. Ndinaona kuti wavulala, ndinadziwa mawu amene sangawakane, ndinawanena, ndipo pamene mnzake womenyana naye anamumvera chisoni, ine ndinati amenye. Ndinachita chifukwa anakwatira mwana wanga ali mlimi. Phala lanu ndinamwa, malaya amene ndavalawa munachapa ndinu Lachinayi.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire, ndilibe nkhope yopemphera zimenezo. Abusa, nyimbo yotsekera muimbe ine nditatuluka. Amayi, khomo la tchalitchi lino ndi limodzi. Ndikaima panja pomwepo, chipewa m'manja, ndipo sindichokapo mpaka mutadutsa.